Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma la Ntcheu: tiyeze mankhwala opopera mbewu m'madzi ndi m'matope a mitsinje yathu

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Ntcheu, makhansala athu, akuluakulu a nthambi za madzi, ulimi, zaumoyo ndi zachilengedwe pa khonsolo, makosi ndi mafumu onse. Tikupempha kuti kalatayi aiwerengenso a National Water Resources Authority, a Malawi Environment Protection Authority, a Pesticides Control Board ndi a Central Region Water Board.

Mabwana ndi madona olemekezeka,

Takulemberani ife ana a boma lino amene timagwira ntchito yoyeza madzi, nthaka ndi zakudya m'malabotale, pamodzi ndi anzathu ophunzitsa sayansi ndi ena olangiza alimi. Pempho lathu ndi ili: mu ndondomeko ya zachuma ikubwerayi muikemo ndalama zoyezera mankhwala opopera mbewu m'madzi ndi m'matope a mitsinje, zitsime ndi damu la Mpira kwa chaka chathunthu cha ulimi, ndipo ntchitoyo igwiridwe mwa dongosolo lake. Dongosololi ndilo latalikitsa kalatayi. Madzi akatengedwa pa nthawi yolakwika, m'botolo lolakwika, n'kufika ku labotale mochedwa, pepala limabwera litalembedwa kuti "sanapezeke", anthu n'kumamwa mtima uli m'malo pamene mankhwala ali momwemo.

Ntcheu amadyetsa mizinda ya dziko lino. Tomato, kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere zochokera ku Tsangano, Njolomole, Mlangeni ndi Lizulu zimadzaza malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre chaka chonse. Mbewu zimenezi masiku ano sizifika pa msika popanda kupopera. Kumtunda kozizira kuja chiwawu chikangoonekera pa masamba a kachewere kapena tomato, mlimi amapopera Dithane sabata ndi sabata, mvula ikatsuka n'kubwerezanso. Mbozi ya Tuta absoluta pa tomato ndi ntchemberezandonda pa chimanga, zomwe zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, zinachulutsa cypermethrin, lambda-cyhalothrin, chlorpyrifos ndi profenofos. Nsabwe za pa masamba amazithira dimethoate. Kumunsi, ku Sharpevale ndi m'chigwa cha Bwanje, kuli thonje, mbewu yopoperedwa kangapo pa nyengo. Udzu nawo ambiri akuupha ndi glyphosate m'malo mwa khasu. Alimi sitikuwaloza chala, ndi makolo athu ndipo akuteteza thukuta lawo. Koma dimba limakhala m'mphepete mwa mtsinje, sipuleya ya malita 16 imadzazidwa ndi kutsukidwa pa khwawa, ndipo kumunsi kwake amayi akutunga pa chitsime chofukula mumchenga. Zotsala Rivirivi amapita nazo mu Shire, Livulezi ndi Bwanje amatsikira nazo kunyanja.

Madzi amayezedwa, sitikukana. Mjigo watsopano amauona ngati muli E. coli (tizilombo tochokera m'chimbudzi), mchere, fluoride, nitrate ndi chitsulo, potsata muyezo wa MS 733 wa Malawi Bureau of Standards, ndipo madzi akumwa ali ndi wawo wa MS 214. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 utatipweteka, kunali koyenera kuti maso onse akhale pa tizilombo ndi pa klorini. Koma zipangizo zonyamula m'chikwama zoyezera zinthu zimenezi siziona mankhwala opopera mbewu ngakhale pang'ono. Madzi akhoza kuyera mbee, opanda fungo, opanda E. coli, koma ali ndi dimethoate. Kuwiritsa sikuchotsa ambiri mwa mankhwalawa. Klorini nayenso sawathetsa onse: chlorpyrifos akakumana ndi klorini amasanduka chlorpyrifos-oxon, yemwe ululu wake umaposa wa poyamba.

Chomwe chimavutitsa ntchitoyi ndi kuchepa kwa milingo. Timawerenga mu mayikulogalamu pa lita, ndipo mayikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Supuni yaing'ono ya shuga, magalamu 4, itasungunuka m'madiramu 20,000 a malita 200, ndiye mwapeza mayikulogalamu imodzi pa lita. Bungwe la World Health Organization linaika malire a madzi akumwa motere, mu mayikulogalamu pa lita: chlorpyrifos 30, dimethoate 6, lindane 2, DDT ndi zotsalira zake 1, aldrin ndi dieldrin pamodzi 0.03. Ku European Union mankhwala alionse paokha saloledwa kupitirira 0.1, ndipo onse pamodzi 0.5. Zamoyo za mumtsinje zimafa pa milingo yotsika kuposa imene munthu angaimve. Cypermethrin amapha tizilombo ta m'madzi todyedwa ndi nsomba pa mlingo wosakwana mayikulogalamu imodzi pa lita. Pa milingo yotere, kadontho ka oyilo pa chala cha wotenga madzi kapena chitsekerero cholakwika chikhoza kuononga ulendo wonse.

Ntchito iyambire m'misika, isanafike pa mtsinje. Makina a ku labotale satchula okha zonse zili m'madzi. Amafufuza mankhwala amene mwawatchula, ndipo pa mankhwala alionse labotale iyenera kukhala ndi kabotolo ka mankhwala enieniwo, oyera, a mlingo wodziwika, kofanizira. Choncho alangizi a m'madera a zaulimi a Tsangano, Njolomole, Kandeu, Nsipe, Sharpevale, Bilira ndi Manjawira ayambe alemba zonse zimene zikugulitsidwa ndi kupoperedwa: dzina la pa botolo, dzina la chimene chili m'katimo, mbewu yake ndi mwezi umene amapopera. Asaiwale timabotolo topanda chizindikiro togulitsidwa pa tsiku la msika, ndi mabotolo olembedwa m'Chipwitikizi olowera ku Mozambique, poti pa Lizulu malire ndi msewu wa M1 chabe. Pa mndandandawo muonjezere mankhwala akale aja, DDT, aldrin, dieldrin, lindane ndi endosulfan. Onsewa ali m'Pangano la Stockholm la 2001, lomwe Malawi analivomereza mu 2009, ndipo ngakhale analetsedwa pa ulimi, ena mwa iwo amatha zaka makumi m'nthaka osaola. Muonjezerenso mafuta ndi ma PAH (mankhwala opezeka m'oyilo ndi m'utsi) kumunsi kwa magalaja ndi malo otsukira galimoto pa boma, komanso ma PCB paliponse pomwe thiransifoma yakale inatayikira oyilo.

Mankhwalawa sayenda njira imodzi, n'chifukwa chake tikutchula madzi ndi matope pamodzi. Dimethoate, imidacloprid ndi atrazine amasungunuka bwino. Amadutsa ndi madzi a mvula, mawa lake mwina simuwapezanso pamalopo, koma amatha kulowa pansi n'kukafika m'chitsime. Cypermethrin, lambda-cyhalothrin, DDT ndi dieldrin samvana ndi madzi. Amamatirira ku dothi losalala ndi ku zinyalala zowola, n'kukhazikika pansi pomwe madzi akuyenda pang'onopang'ono. Woyeza madzi okha adzanena kuti mulibe, pamene m'matope pansi pake muli za chaka chino ndi za zaka zam'mbuyo.

Malo otengapo masampulo asankhidwe ndi mapu m'manja, osati potengera pomwe galimoto ingafike. Pa mtsinje uliwonse pafunika malo amodzi kumtunda kopanda minda, monga m'nkhalango za Mvai ndi Dzonzi, kuti tidziwe mmene madzi osakhudzidwa alili. Ena pamunsi penipeni pa madimba. Ena pomwe anthu amatunga. Pa damu la Mpira, lomwe litaphwa mu 2018 anthu a Ntcheu ndi Balaka anaona mavuto, patengedwe pomwe madzi alowera, pomwe mapaipi atengera, ndi pa mpopi wa kumudzi. Pa mtsinje wa Mpamadzi patengedwe kumtunda ndi kumunsi kwa tawuni. Zitsime za m'madambo zikhale patsogolo, mijigo itsatire, chifukwa chitsime chosaya ndicho chimalandira madzi a pamwamba msanga. Malo 12 kapena 15 otsatiridwa chaka chonse ndi abwino kuposa malo 60 oyenderedwa kamodzi. Malo alionse alembedwe pa GPS kuti wobwera ulendo wotsatira adzaime pomwepo.

Ntchito zambiri zotere zimafera pa nthawi. Magalimoto amapezeka m'chilimwe misewu ili youma, koma mankhwala amalowa mumtsinje ndi mvula. Tikupempha maulendo osachepera anayi. Woyamba mu Okutobala mvula isanagwe. Wachiwiri mkati mwa maola 24 mvula yoyamba yothamangitsa madzi itagwa. Wachitatu mu Januwale kapena Febuluwale, kupopera chiwawu ndi mbozi kuli pachimake. Wachinayi mu Julayi kapena Ogasiti, madimba ali obiriwira koma mitsinje yaphwera, moti pang'ono polowamo sipasukuluka. Ulendo wachiwiriwo sungadikire galimoto yochokera ku Lilongwe. Mabotolo akhale ali kale m'manja mwa alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi oyandikana ndi malowo, ataphunzitsidwa, ali ndi kulabokosi ndi mafuta a njinga yamoto. Palinso tizipangizo tosiyidwa m'madzi, monga POCIS ndi timizere ta silikoni, timene timakhala milungu iwiri mpaka inayi tikuyamwa zodutsa. Timagwira ngakhale zimene zinadutsa usiku, koma timabedwa kapena kukokoloka. Apa mpamene tikufunira inu mafumu, kuti mudzi udziwe chimene chamangidwa pansi pa mlatho ndi chifukwa chake.

Tsopano za botolo. Chigubu cha mafuta ophikira kapena botolo la madzi a m'sitolo n'zosayenera. Pulasitiki imayamwa cypermethrin ndi DDT, komanso imatulutsa ma phthalate amene amaonekera pa makina n'kuphimba zomwe tikufuna. Lofunika ndi botolo lagalasi lofiirira la lita imodzi, lachitsekerero chokhala ndi Teflon mkati; kufiirirako n'kotchinga dzuwa, lomwe limaswa mankhwala ena. Litsukidwe ndi sopo wa ku labotale, litsukuluzidwe ndi madzi a pa mpopi, kenako madzi otchezedwa, pomaliza zosungunulira za acetone ndi hexane. Pomwe pali uvuni wamphamvu, kuliwotcha pa madigiri 400 kwa maola 4 kumachotsa zotsalira zonse. Pa malo alionse patengedwe mabotolo awiri, poti m'misewu ya ku Tsangano galasi limasweka.

Wotenga avale magolovesi a nitrile atsopano pa malo alionse. Asadzole mankhwala othamangitsa udzudzu, asasute, ndipo asakhale munthu amene wapopera kapena wagwira petulo tsiku limenelo. Alowe m'madzi chakumunsi, nkhope italoza komwe madzi akuchokera, atambasule mkono kutsogolo kuti matope amene wapondawo asalowe, ndipo amize botolo masentimita 20 mpaka 30 pansi, pomwe madzi akuyenda. Mtsinje ukadzaza asalowemo. Amangirire botolo ku ndodo yachitsulo ali pa mlatho. Botolo lisatsukuluzidwe ndi madzi a mumtsinjewo monga timachitira poyeza mchere, chifukwa mankhwala omata amatsalira m'galasi n'kukweza zotsatira. Pa mjigo apope kaye mphindi 5 mpaka 10 kuti madzi ogona m'mapaipi atuluke. M'madzi a pa mpopi othiridwa klorini athiremo sodium thiosulfate, mamiligalamu 80 pa lita, apo ayi klorini apitiriza kusintha mankhwala m'botolo momwemo.

Pali mankhwala ena osatsata lamulo la botolo lagalasi la lita imodzi lija. Glyphosate ndi paraquat amamatirira ku galasi, choncho amafuna botolo lawolawo la pulasitiki ya polypropylene kapena HDPE. Benzene ndi zina zouluka za m'petulo zimafuna timabotolo ta mamililita 40, todzazidwa mpaka kusefukira, tothiridwa asidi wa hydrochloric kuti pH itsike pansi pa 2. Mukatembenuza kabotolo n'kuona kathovu ka mpweya, tayani mutengenso. Mancozeb, yemwe ndiye ali mu Dithane, amaphwanyika msanga m'madzi. Chotsala chake ndi ETU, ndipo ameneyu ndiye woyenera kumufufuza m'zitsime, chifukwa amasungunuka bwino, amayenda m'nthaka, ndipo amasokoneza chithokomiro. Glyphosate naye amasiya AMPA. ETU ndi glyphosate, pamodzi ndi AMPA wake, satuluka pa kuyeza kwa chisawawa kogwira mankhwala ambiri nthawi imodzi. Aliyense ali ndi njira yake ndi mtengo wake. Ngati pangano lanu ndi labotale silitchula ETU, glyphosate ndi AMPA, dziwani kuti mankhwala amene aliyense amawaona m'minda ya Ntcheu sanayezedwe konse.

Matope satapidwa paliponse. Mchenga sugwira mankhwala. Chofunika ndi dothi losalala loti mukalifikisa pakati pa zala silikanda, tinthu tochepera mayikulomita 63, ndipo limapezeka mkati mwa khona la mtsinje, kuseri kwa mizati ya mlatho, m'maiwe ndi pomwe mtsinje ulowera m'damu. Atape masentimita 2 mpaka 5 apamwamba ndi supuni ya chitsulo chosachita dzimbiri, n'kuitukula pang'onopang'ono kuti kapamwamba kofewa kaja kasakokoloke ndi madzi, chifukwa za nyengo ino zili m'menemo. Atape pa malo 5 mpaka 10 mkati mwa mamita 100, asakanize m'beseni la chitsulo chomwecho, achotse miyala, timitengo ndi masamba, n'kuthira mu mtsuko wagalasi wa mamililita 250 kapena 500. Mtsuko wokaumitsidwa m'firiji usadzaze. Pasiyidwe gawo limodzi mwa magawo anayi, poti madzi akaundana amafufuma n'kuswa galasi. Supuni ndi beseni zitsukidwe ndi acetone asanapite pa malo ena. Matope akwanira kawiri pa chaka, mu Epulo kapena Meyi mvula itatha ndi mu Okutobala. Pa damu la Mpira tikulangiza kubaya pansi ndi chitoliro, n'kudula matope otulukawo masentimita awiriawiri. A pansi ndi akale, a pamwamba ndi atsopano, ndipo mudzaona ngati zinthu zikukwera kapena kutsika.

Sampulo ikangotsekedwa, masiku ayamba kuwerengedwa. Ilowe m'kulabokosi nthawi yomweyo, mumdima, pa madigiri 4, osapitirira 6. Mankhwala atulutsidwe m'madzi mkati mwa masiku 7, m'matope mkati mwa masiku 14 pokhapokha ataumitsidwa pa madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo zotulutsidwazo zipimidwe pa makina masiku 40 asanathe. Kuchokera pa boma kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi maola ochepa, choncho chochedwetsa sichikhala mtunda. Amakhala mafuta a galimoto osakonzeredwa, chikalata chodikira siginecha, ndi firiji yozima pamodzi ndi magetsi. Tizilombo ta m'madzi timadya mankhwala ena, ndipo madzi a pH yokwera amaswa dimethoate ndi anzake. Botolo logona masiku khumi pa windo la ofesi lidzanena kuti mulibe kanthu, ngakhale linachoka pa mtsinje lili nawo. Kulabokosi isakwere galimoto imodzi ndi zigubu za dizilo kapena makatoni a mankhwala a ntchemberezandonda. Botolo lililonse likhale ndi nambala, malo, tsiku ndi ola, ndipo aliyense wolilandira asayine pa fomu imodzi, alembe ola ndi kuzizira kwa m'bokosimo. Popanda fomu imeneyi zotsatira sizingaime pa bwalo la milandu.

Ku labotale inu simudzakhalako, koma n'kofunika mudziwe zofunsa. Njira yakale yodalirika ndi iyi: lita ya madzi amaithira m'fanulo yolekanitsira ya malita awiri, amathiramo chosungunulira cha dichloromethane mamililita 60, amakhutchumula mphindi ziwiri akutsegulira mpweya, amadikira mphindi khumi kuti zilekane, n'kutsitsa gawo la pansi. Amachita zimenezi katatu. Mamililita 60 oyambawo ayambe atsukira botolo lomwe munali madzi lija, kuti zomata m'galasi zichoke. Labotale yodumpha apa imataya gawo lalikulu la cypermethrin. Madzi a dzinja amatope amachita utoto pakati wokana kulekana, ndipo mchere wa sodium chloride kapena makina ozunguza ndi amene amauthetsa. Kenako amachotsa chinyezi ndi sodium sulfate, n'kuuluza pa kutentha kosapitirira madigiri 40 mpaka patsale mililita imodzi. Asauluze mpaka kuuma gwaa, chifukwa lindane ndi ena opepuka amapita limodzi. Kuchoka pa lita kufika pa mililita ndiye kuti mankhwala akhuthala ka 1,000, ndipo apo mpamene makina amayamba kuwaona. Ena amagwiritsa ntchito katiriji (kachubu ka ufa wogwira mankhwala) ya C18 kapena HLB, njira yotchedwa SPE, yomwe siidya zosungunulira zambiri. Madzi adutsemo mamililita 5 mpaka 10 pa mphindi. Wofulumira amangodutsitsa mankhwala. Madzi amatope amatseka katiriji, choncho amasefedwa kaye pa sefa ya ulusi wagalasi ya mayikulomita 0.7. Sefayo isatayidwe. Iyezedwe payokha, poti omata aja atsalira pamenepo.

Matope asaumitsidwe mu uvuni kapena padzuwa. Kagawo kakang'ono kokha ndiko kaumitsidwe pa madigiri 105 kuti adziwe kuchuluka kwa madzi alimo, chifukwa zotsatira zimanenedwa pa kilogalamu ya matope ouma. Magalamu 10 mpaka 30 osefedwa pa sefa ya mamilimita 2 amawasakaniza ndi sodium sulfate mpaka ayoyoke, n'kuwaika m'chipangizo chagalasi chotulutsira mankhwala chotchedwa Soxhlet, pamodzi ndi acetone ndi hexane, theka ndi theka, kwa maola 16 mpaka 24. Labotale yopanda jenereta ifunsidwe mmene imachitira magetsi akazima pakati. Matope akuda a m'dambo, a fungo la dzira lovunda, amakhala ndi salufa, yemwe amaphimba zonse pa makina, ndipo ufa wa kopa ndi umene umamuchotsa. Mafuta ndi utoto wa zowola amazisefa pa ufa wotchedwa Florisil. Tikupemphanso kuti pa sampulo iliyonse ayeze kuchuluka kwa kaboni wa zowola ndi kukula kwa tinthu ta dothi. Mukapanda kutero mudzafanizira matope a dambo ndi mchenga, n'kuweruza kuti dera lina n'loipa kuposa linzake pamene kusiyana kuli m'dothi chabe.

Makina opimira mankhwala otchedwa GC-ECD amamva DDT, dieldrin ndi cypermethrin pa milingo yotsika kwambiri, koma amangosonyeza kuti china chatuluka pa mphindi yakutiyakuti. Chinthu china chikhoza kutuluka pa mphindi yomweyo. Chilichonse chopezeka chitsimikizidwe pa kolamu (kachitoliro kolekanitsa mankhwala m'makinamo) yachiwiri kapena pa makina a GC-MS. Imidacloprid, carbofuran, ETU ndi glyphosate amafuna makina ena otchedwa LC-MS/MS. Pali kayezedwe kamodzi kamene timakaika patsogolo. Asanayambe, abaye DDT ndi endrin okha m'makina. Ngati oposa 15 peresenti aphwanyika pakhomo pa makinawo, aime ayambe atsuka. Chifukwa chake n'chakuti DDT akakhalitsa m'nthaka amasanduka DDE ndi DDD, ndipo kuchuluka kwa izi poyerekeza ndi DDT mwini kumatiuza ngati ndi wa makolo kapena wathiridwa posachedwa. Makina akuda amaphwanya DDT watsopano n'kumuonetsa ngati wakale, ndipo wogulitsa mozemba amapulumukira pomwepo.

Ndalama zikachepa, zoyamba kudulidwa zimakhala masampulo otsimikizira. Tikukupemphani kuti musalole. Ulendo uliwonse pakhale botolo la madzi oyera a ku labotale lopita nawo ku mtsinje, kutsegulidwa, kutsekedwa n'kubwerera. Likapezeka ndi mankhwala, ndiye kuti kuipako kwachokera m'manja kapena m'galimoto. Pa masampulo khumi alionse imodzi itengedwe kawiri, labotale osauzidwa. M'sampulo iliyonse labotale ithiremo kamlingo kodziwika ka mankhwala osapezeka kumunda, monga TCMX ndi decachlorobiphenyl, ione kuti abwerera angati. M'masampulo ena ithiremo mankhwala enieni ofufuzidwawo, ndipo obwerera akhale pakati pa 70 ndi 120 peresenti. Akabwerera 30 peresenti, ndiye kuti 70 yatayikira m'njira, ndipo "sanapezeke" wa tsiku limenelo alibe tanthauzo. Zonsezi zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a masampulo, ndipo ziwerengeredwe mu ndalama kuyambira pachiyambi.

Lipoti likabwera, musalandire mawu akuti "sanapezeke" opanda nambala pambali pake. Nambalayo ndi mlingo wotsikitsitsa umene labotaleyo imatha kuwerenga molondola pa mankhwala amenewo. Ngati pa dieldrin imayambira kuona pa 0.1 pamene malire ndi 0.03, madzi akhoza kupitirira malire katatu iyo osaona kanthu. Funsani nambalayi musanasayine pangano. Funsaninso chiphaso cha ISO/IEC 17025 chotsimikiza luso la labotale, chomwe m'chigawo chino cha Africa amapereka ndi a bungwe la SADCAS, ndipo muwerenge mndandanda wa zimene chiphasocho chikuvomereza. Labotale ikhoza kuvomerezeka pa aflatoxin m'mtedza koma osati pa mankhwala a m'madzi. Kaya mwasankha ya boma, ya yunivesite kapena ya kunja, masampulo ochepa agawidwe pawiri apite ku labotale yachiwiri.

Malamulo okulolani alipo kale: Pesticides Act ya 2000, Water Resources Act ya 2013 ndi Environment Management Act ya 2017. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limapatsa anthu ufulu woona zotsatira. Choncho zikatuluka zisatsekeredwe m'kabati. Zimasuliridwe m'Chichewa, ziwerengedwe m'misonkhano ya ADC ndi VDC, zimatidwe pa misika ndi pa zipatala, kuphatikizapo za malo amene apezeka ali bwino, chifukwa alimi a kumeneko ayenera kudziwa kuti akuchita bwino. Chitsime chopitirira malire chiyezedwenso mkati mwa milungu iwiri, ndipo pa nthawiyo anthu auzidwe kotunga kwina. Sampulo imodzi si yokwanira kutsekera chitsime mpaka kalekale, komanso si yoyenera kuikhalira chete.

Zina sizifuna kudikira labotale. Botolo la mankhwala likatha litsukuluzidwe katatu, madziwo athiridwe mu sipuleya, botololo liboolewe kuti lisakhale la mchere kapena la mafuta ophikira, ndipo pa msika uliwonse waukulu pakhale posonkhanitsira. Magulu a alimi a m'madimba athandizidwe kukumba dzenje losakanizirapo ndi kutsukirapo sipuleya kutali ndi mtsinje ndi chitsime: masentimita 60 kuya, dongo la masentimita 10 pansi, kenako mapesi kapena udzu wodulidwa theka, dothi lapamwamba gawo limodzi mwa anayi, kompositi gawo lotsalalo, pamwamba n'kudzala kapinga. Nkhungu ndi tizilombo ta m'menemo ndi zimene zimaphwanya mankhwala otayikira.

Mabotolo a galasi lofiirira, acetone, hexane ndi timabotolo tofanizira sizipezeka pa Ntcheu, ndipo zina zimachokera kunja, zimatenga miyezi. Kuti ulendo wa Okutobala uchitike, mndandanda wa alangizi ukhale utatha pofika Juni, pangano ndi labotale lisayinidwe mu Julayi, ndipo maphunziro a otenga masampulo achitike mu Seputembala pa mtsinje weniweni, osati m'holo. Ife tili okonzeka kuthandiza kusankha malo, kuphunzitsa otenga masampulo ndi kuwerenga nanu lipoti likabwera. Tikupempha kuti komiti ya zachilengedwe ya khonsolo iike nkhaniyi pa msonkhano wake wotsatira, ndipo itiitane.

Ife anu,

Ana a boma la Ntcheu ogwira ntchito m'malabotale, ophunzitsa sayansi ndi olangiza alimi